Ruo: Mtsinje wa m'Phiri la Mulanje, Nsomba Zake ndi Magetsi Ake

  Lero tilowera kummwera kwa dziko lino, m'maboma a Mulanje, Thyolo ndi Nsanje, kutsatira mtsinje wa Ruo kuchokera kumene umayambira mpaka kumene umathera. Tiona njira yake, tiona nsomba zokhala m'menemo, kenaka tifunse funso limene lili pakamwa pa ambiri masiku ano a kuthimathima kwa magetsi: kodi mtsinje umenewu ungatiunikire mpaka pati, ndipo tingatenge bwanji mphamvu yake popanda kuupha?

Tiyambe ndi kumwamba. Ruo umayambira pa phiri la Mulanje, phiri lalitali koposa m'Malawi muno, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Mbali ya kummwera chakummawa kwa phirili ndi imene imayang'anizana ndi mphepo yochokera ku nyanja ya mchere ya Indian. Mphepoyo imabwera italema ndi chinyontho, ikagunda khoma la phiri imakwera, ikakwera imazizira, ndipo mvula imagwa. N'chifukwa chake dera limeneli limalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka, pomwe madera ena kuchigwa cha Shire safika ngakhale theka lake. Ngakhale mu June ndi July, kwina konse kutauma gwa, kuno kumakhala chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo osakata. Minda ya tiyi imene mumaiona yobiriwira chaka chonse ku Mulanje ilipo chifukwa cha mvula imeneyi, ndipo Ruo suphwa chifukwa cha mvula yomweyi.

Pamwamba pa phiri pali madambo a udzu, dothi lakuda lonyowa, ndi nkhalango za m'makwawa momwe mumamera mkungudza, mtengo wa fuko lathu. Zomerazi zimamwa mvula ndi kuisunga, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'timitsinje tozizira tomwe timakumana n'kupanga Ruo. Kuchoka apo mtsinjewu umadzigwetsa m'chigwembe chakuya cha miyala, kudutsa mathithi aatali, n'kutulukira m'minda ya tiyi ya ku Lujeri. Pamenepa madzi ake amakhala oyera mbee, moti mwala wapansi umaoneka, ndiponso ozizira mpaka kulasa m'mafupa.

Ukatsika pang'ono umakumana ndi Muloza, ndipo kuyambira pamenepo umasanduka malire a Malawi ndi Mozambique pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Malire amenewa ali ndi mbiri yake. Mu 1889 asilikali a Chipwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto anali kukwera m'chigwa cha Shire, ndipo Angerezi anaumirira kuti Ruo ndiwo mzere wosayenera kudumphidwa. Pangano la maiko awiriwo la mu 1891 linakhazikitsa mtsinjewu kukhala malire. Koma anthu a m'mbali mwake, Alhomwe, Amang'anja ndi Asena, sanaleke kuwoloka. Mpaka lero bwato limanyamula chimanga, njinga, odwala ndi akumaliro kuchoka tsidya lino kupita tsidya lina, pakuti ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri.

Panjira Ruo umalandira mitsinje ina. Lichenya umabwera kuchokera paphiri pomwepo. Madzi a Likhubula nawonso amakathera mu Ruo. Koma waukulu mwa yonse ndi Thuchila, umene umalowa pafupi ndi Sandama utasonkhanitsa madzi a m'minda ya anthu ambirimbiri pakati pa phiri la Mulanje ndi mapiri a Thyolo ndi Chiradzulu. M'dzinja Thuchila amabwera wofiira ndi dothi, ndipo kuyera kuja kwa Ruo kumathera pomwepo. Dera lonse lothira madzi mu Ruo, kuphatikiza mbali ya Mozambique, ndi lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 4,900, ndipo palibe mtsinje wina wothira mu Shire woposa umenewu.

Kunsi kwa Sandama kuli mathithi a Zoa, m'boma la Thyolo, pamene mtsinje wonse umagwa mamita pafupifupi 60. Sungani dzina limeneli, omvera, chifukwa nkhani ya nsomba ndi ya magetsi yomwe zikumana pomwepa. Kuchoka pa Zoa, Ruo umatsikira kuchigwa kudzera ku Sankhulani, Osiyana ndi Makhanga, n'kulowa mu Shire pa Chiromo, malo otsika osafika ngakhale mamita 100 pamwamba pa nyanja ya mchere. Madzi amene anayambira pa mamita 2,000 atsika pafupifupi makilomita awiri athunthu. Mphamvu yonse ya Ruo yagona pa kutsika kumeneku.

Anthu a ku Makhanga ndi Chiromo amaidziwa mphamvuyo kuposa wina aliyense. Mvula ikagwa yambiri ku Mulanje, Ruo umafika pa Chiromo mwaukali moti umatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kukadzaza dambo la Elephant Marsh. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene anthu amawatcha Mtayamoyo. Mu January 2015 Ruo unasiya njira yake n'kuboola ina, midzi ya ku Makhanga n'kutsala pachilumba. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo kuchigwa kumeneku mtsinje uli ndi makwawa akale ambiri oti uwakumbukire.

Tsopano tilowe m'madzi, tione okhalamo.

Kunsi kwa mathithi a Zoa, nsomba za mu Ruo ndi zomwe zija za mu Shire wakumunsi ndi Zambezi. Kuli mcheni wa mano akuthwa, kuli mphende, milamba, njole, nkhonokono, ndi mkunga umene umaswana kutali m'nyanja ya mchere, ana ake n'kukwera Zambezi ndi Shire kudzakulira m'madzi athu. Mvula zoyamba zikagwa, madzi n'kuyamba kukwera, nsomba zambiri zimachoka mu Shire ndi m'madambo kulowa mu Ruo kukaikira mazira. Asodzi amaidziwa nyengo imeneyi, ndipo ndi pamene miono imadzaza. Koma ulendo wa nsombazo umathera pa Zoa. Palibe mcheni ungalumphe khoma la mamita 60.

Zimenezi n'zofanana ndi zimene zimachitika pa Shire, pamene mathithi a Kapichira ndi ena a kumtunda kwake amatsekereza nsomba za mu Zambezi kuti zisafike ku nyanja ya Malawi. Ku Ruo nako, mathithi a Zoa atchinjiriza nsomba za kumtunda kwa zaka zosawerengeka, ndipo zotsatira zake n'zodabwitsa. Kumtunda kwa Zoa kuli mitundu ya nsomba imene simuipeza mu Shire, koma abale ake ali kutali, m'mitsinje ya Pungwe ndi Buzi yotsika m'mapiri a kummawa kwa Zimbabwe kulowa mu Mozambique. Akatswiri a za nsomba akuganiza kuti kalekale mitundu imeneyi inali yofala dera lonseli, kenaka inatha kwina konse, n'kutsala m'malo ochepa obisika ngati kuno. Kulinso kansomba ka mtundu wa matemba, kotchedwa choloensis m'mabuku a sayansi, kamene kanalembedwa koyamba mu 1925 katagwidwa mu mtsinje wa Nsuwadzi ku Thyolo. Kwawo kwa kansomba kameneka ndi konkuno. 

Tiyeni tiyandikire pa mwala umodzi pakati pa mkokomo wa madzi, tiugubuduze. Pansi pake mupezapo kansomba kotalika ngati chala, ka ndevu zazifupi, kamene pakamwa pake pali kunsi kwa mutu, potambalala mozungulira. Ndi pakamwa pamenepo kamamatirira pamwala, madzi othamanga n'kumadutsa pamsana pake osakakokolola, iko kakupala ndere ndi tizilombo ta pamwalapo. Pafupi pake mupeza kamlamba ka m'phiri, kaphwatalala, kopanda mamba, kokhala ndi zipsepse zotambasuka zimene kamagwirira nazo pansi. Masana kamabisala, usiku n'kutuluka kusaka mphutsi za tizilombo touluka. Pali nsomba ina yokulirapo ya mlomo wolimba wakuthwa kunsi, imene ntchito yake ndi kupala ndere pamiyala tsiku lonse. Pambali pake nkhanu ikuyenda chammbali, ndipo katumbu amabwera usiku kudzadya nkhanuyo. Pamwamba penipeni paphiri, pomwe madzi ndi ozizira kwambiri, azungu a nthawi ya atsamunda anaikamo nsomba yakwawo yotchedwa trout, monga anachitiranso ku Zomba ndi ku Nyika.

Nsomba zonse za m'miyalazi zimafuna zinthu zitatu: madzi othamanga, madzi ozizira okhala ndi mpweya wambiri, ndi miyala yoyera yokhala ndi mipata pansi pake. Dothi likakokoloka m'minda n'kutsira mipata imeneyo, mazira amafa, tizilombo timatha, nsomba n'kusowa pokhala. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikadulidwa, dzuwa limatenthetsa madzi. Onjezerani apo kusodza ndi maneti a udzudzu, amene amakokolola ndi tiana tomwe, ndi kuthira katupe padziwe, kumene kumapha chilichonse chopuma m'madzimo. Nsombazi n'zazing'ono, sizidzaza dengu la wamalonda, choncho zikamatha palibe amalira. Komabe ndizo zimatiuza ngati mtsinje uli moyo.

Tibwere ku magetsi. Kuti madzi apange magetsi pamafunika zinthu ziwiri: kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa pamene akugwera. Tiwerengere limodzi. Malita 1,000 a madzi, amene ndi zigubu 50 za malita 20, akamadutsa pa sekondi iliyonse n'kugwa mamita 100, amatulutsa magetsi okwana makilowati pafupifupi 800. Madzi omwewo akagwa mamita 10 okha, amatulutsa makilowati 80. Apa ndi pamene mtsinje wa m'phiri umaposera wa m'chigwa. Shire ali ndi madzi ambiri, Ruo wakumtunda ali ndi madzi ochepa, koma amagwa patali.

Kapangidwe kake sikafuna damu lalikulu lomiza midzi. Amamanga kakhoma kakafupi kopingasa mtsinje, n'kupatutsa gawo la madzi kulowa mu ngalande. Madziwo amayamba aima m'thanki kuti mchenga ukhale pansi, chifukwa mchenga umadya zitsulo za makina. Kenaka amalowa mu paipi yaikulu yotsetsereka ndi phiri, n'kukatuluka kunsi mwamphamvu pakabowo kakang'ono, kumenya timakapu ta chitsulo tozungulira gudumu. Gudumu limazunguza jenereta, magetsi n'kutuluka, ndipo madzi aja amabwerera mumtsinje.

Ku Mulanje zimenezi si zachilendo. Makampani a tiyi akhala akudzipangira magetsi ndi madzi a paphirili kuyambira nthawi ya atsamunda. Chatsopano n'chakuti magetsiwo tsopano akufika kwa anthu ena. Ku Lujeri, kampani ya Mulanje Hydro inamanga malo opangira magetsi a Ruo-Ndiza, a mamegawati pafupifupi 8, amene anayamba kugwira ntchito m'zaka za 2019 ndi 2020, ndipo magetsi ake amagulitsidwa ku ESCOM. Pa Muloza panamangidwanso ena a mamegawati pafupifupi 3. Ndipo ku Bondo, pa mtsinje wa Lichenya, bungwe la MEGA lili ndi timakina ting'onoting'ono topereka magetsi mwachindunji kumidzi yozungulira. Kumeneko nyumba za anthu wamba, sukulu, chipatala, zigayo ndi mashopu zimayaka ndi madzi a mtsinje wawo womwe, anthu n'kumagula mayunitsi monga amachitira a m'tauni. Mzamba sachiritsanso mayi ndi tochi ya foni, ndipo wowotcherera zitsulo sapitanso ku Boma kukagwira ntchito yake.

Wina anena kuti mamegawati 8 ndi chiyani poyerekeza ndi Kapichira wa mamegawati pafupifupi 130? Funsolo ndi loona, koma tikumbuke zimene zinachitika mu January 2022. Namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake a madzi kwa nthawi yoposa chaka. Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa Shire. Kupatula Wovwe wa ku Karonga, wa mamegawati 4.5, magetsi a madzi a EGENCO amadalira mtsinje umodzi. Nyanja ya Malawi ikatsika, onse amafooka pamodzi. Namasupuni ndi zinyalala zikatseka makina, onse amavutika pamodzi. Ngakhale damu lalikulu la Mpatamanga limene likukonzedwa lidzakhala pa Shire pomwepo. Ubwino wa Ruo ndi wakuti madzi ake sachokera ku nyanja, amachokera ku mvula ya paphiri. Choncho Shire akadwala, Ruo angathe kukhala ali bwino.

Maso a akatswiri akhala ali pa mathithi a Zoa kwa zaka zambiri, chifukwa pamenepo pali zonse ziwiri: madzi a mtsinje wonse, Thuchila atalowa kale, ndi kugwa kwa mamita 60. Kumanga pamenepo kungatulutse magetsi oposa a malo onse a kumtunda aja. Komanso popeza nsomba sizikwera kale mathithiwo, khoma lomangidwa pamwamba pake silingadule njira ya nsomba monga lingachitire litamangidwa kuchigwa. Koma tsidya lina la mathithiwo ndi Mozambique. Palibe chingamangidwe popanda maiko awiriwa kugwirizana za madzi, za malo ndi za kagawidwe ka magetsi.

Tisabise zovuta zake. Choyamba ndi chilimwe. Makina opanda damu amadya madzi a tsiku lomwelo, ndiye kuyambira September mpaka mvula itagwa, mtsinje ukachepa, magetsi nawo amachepa. Apa ndi pamene pamabwera chiyeso chopatutsa madzi onse kulowetsa mu paipi, n'kusiya mtunda wa pakati pa khoma ndi makina uli miyala yokhayokha. Mwezi umodzi wotero ndi wokwanira kupha tinsomba tonse tija ta pansi pa miyala, ndi kusiya amayi a m'mbali mwake opanda potunga kapena pochapa.

Chachiwiri ndi ukali wa phiri lenilenilo. Anthu a ku Mulanje ndi Phalombe amadziwa za Napolo, ndipo sanaiwale za mu March 1991 pamene miyala ndi matope zinatsika n'kukwirira anthu ku Phalombe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anabweretsa zomwezo m'maboma ambiri a kummwera, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa. Mitsinje ya paphiri inanyamula miyala yaikulu ngati nyumba, ndipo malo opangira magetsi a pa Muloza anaonongeka kwambiri. Womanga pa mtsinje wa m'phiri ayenera kumangira chigumula choopsa koposa, osati madzi a tsiku ndi tsiku.

Chachitatu, chimene chili muzu wa zinazo, ndi kutha kwa nkhalango. Phiri la Mulanje linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Koma mikungudza ikuluikulu inatha ndi macheka, makala akutsika paphiri tsiku ndi tsiku, ndipo moto wolusa umanyeketsa udzu chaka ndi chaka. Phiri likakhala lambee, mvula siilowa pansi. Imathamanga tsiku limodzi, kukokolola dothi, kusefukira ku Makhanga, ndipo pofika October akasupe aphwa. Taonani tsono: chimene chimapha nsomba ndi chomwecho chimene chimaimitsa makina. Mchenga wotsira mazira a nsomba ndi womwewo wodya gudumu la jenereta. Mzinda wa Blantyre nawo uli m'nkhaniyi, pakuti kuyambira mu 2019 gawo la madzi ake akumwa limachokera ku Likhubula, paphiri lomweli.

Ndiye tinene chiyani? Ife tikuti Ruo apange magetsi, ndipo apange ochuluka kuposa lero. Dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo amaunikira magetsi silingangoyang'ana madzi akugwa pachabe. Koma pakhale mfundo zosasunthika. Aliyense wopatutsa madzi asiye gawo loyezedwa likuyenda mumtsinje chaka chonse, ndipo mabungwe a boma oona za madzi ndi zachilengedwe, National Water Resources Authority ndi MEPA, azipita kukayeza m'chilimwe, osati kungowerenga malipoti mu ofesi. Asanakumbe maziko, akatswiri a nsomba ayambe alowa m'madzimo kuona zimene zilimo, ndipo mitsinje ina yothira mu Ruo isiyidwe osakhudzidwa kuti mitundu yosowa ija ikhale ndi pothawira. Gawo la ndalama za magetsi libwerere kuphiri, kulipira olondera nkhalango, olambula njira zotchinga moto ndi obzala mitengo. Ndipo midzi imene mapaipi ndi mawaya akudutsa ilandire magetsiwo poyamba. Munthu amene nyumba yake ikuyaka ndi madzi a Lichenya safuna kuuzidwa kawiri kuti asatenthe phiri. Koma amene amangoona mawaya akudutsa pamwamba pa denga lake, iye akugona mumdima, mudzamuuza chiyani akanyamula nkhwangwa?

Kwa inu mafumu a m'mbali mwa Ruo, Thuchila, Lichenya ndi Muloza, malamulo a m'mudzi oletsa katupe, maneti a udzudzu ndi kulima mpaka m'mphepete mwa madzi ali m'manja mwanu. Kwa inu alimi, siyani mzere wa mitengo, nsungwi ndi bango pakati pa munda ndi mtsinje, ndipo limani mizere yopingasa pamalo otsetsereka. Kwa inu aphungu ndi makhansala a ku Mulanje, Thyolo ndi Nsanje, pakabwera wofuna kumanga pa mtsinjewu, mufunseni mafunso awiri pamaso pa anthu: madzi otsala mumtsinje mu October adzakhala ochuluka bwanji, ndipo ndi midzi iti imene idzayake?

Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa.